Mano Atatu

Inabwera Lachiwiri, mvula itangokata,
Korola yotuwa ya Mayi Nambazo,
ikutsokomola pachitunda cha ku Chinamwali
ngati yatsamwa ndi gaga.
Ndinaimva isanakhote pachigayo:
tiki-tiki-tiki m’mbali mwa injini,
kaphokoso kamene eni galimoto samva
chifukwa wailesi imakhala ili pamwamba.

“M’mawa ikumavuta kulira,” anatero,
“mwina ndi batire.”
Aliyense amanamizira batire.

Ndinamasula mabawuti anayi,
lachisanu linadyeka mutu kalekale,
chivundikiro chapulasitiki n’kuyasama.
Lamba ndinamuunika ndi tochi ya foni:
msana uli ming’alu ngati chidendene cha m’chilimwe,
wanyambita oyilo mpaka kunyezimira,
m’mphepete ulusi uli nyankhalala.
Mano atatu anali atathothoka.
Ndinawatola pansi, timiyala takuda,
n’kuwaika m’dzanja mwawo.

“Tinthu timeneti?”

Timeneti, mayi.
Lamba ameneyu ndiye amauza mavavu
nthawi yotsegula ndi nthawi yotseka,
kuti pisitoni ikamakwera ipeze m’njira mulibe mnzake.
Akaduka muli paliwiro,
kaya pa Thondwe, kaya mukukwera Ku Chawe,
zitsulo zimagundana mitu,
ndipo mtengo wake simungaumve mutaimirira.

Pachivundikiro panali kapepala komata,
kofiirira ndi kutentha, ngodya imodzi itapindika.
Tsiku, mwezi, makilomita, zonse za bolopeni,
seveni wake wodula pakati.
Anavala mandala. Anawerama nthawi yaitali.
“Dzanja ili ndi la bambo a Tiyese.
Ankalemba chilichonse,
ngakhale tsiku logula tsache.”

Zaka zisanu ndi zinayi.
Mwini dzanja anagona kwawo ku Jali,
lamba osamva za malirowo,
akuzungulirabe pantchito imene anamusiyira.

Ndinatuma Saizi pakabaza kutauni,
lamba wakale ali m’jumbo,
kuti akawerenge mano pamaso pa wogulitsa,
limodzilimodzi, ndi mipata itatu ija,
asanatulutse ndalama.
Wotchipa uja wa m’bokosi lopanda dzina amusiye.
Agulenso tenshona ndi pampu yamadzi,
pakuti khomo ili sititsegula kawiri.

Ine ndinatsala ndi sipanala yaitali,
kuzungulitsa injini pang’onopang’ono
mpaka zizindikiro zitayang’anana:
kadontho ka pamwamba ndi kamzere kake,
kapansi nakonso chimodzimodzi.
Ndinadontheza penti yoyera paliponse.
Apa sindiyankha moni.
Wogulitsa mbatata za kuphiri anaima, anayitana, anapita.
Ukaphonya dzino limodzi lokha
galimoto imakhala ikutsimphina moyo wake wonse,
n’kumakutchula dzina pamsewu.

Watsopano anafika akununkha sitolo,
wouma khosi ngati nsapato ya Khirisimasi.
Ndinamulowetsa kuyambira pansi,
mbali yokoka ili gwa,
zala zikupsa ndi kukankha,
tenshona n’kumukumbatira kumsana.
Kenaka kawiri ndi dzanja, kiyi ali m’thumba,
khutu lili tcheru kumvera ngati chitsulo chikhudza chinzake.
Zii.
Madontho oyera anabwerera pamalo pake onse.

Inalira kamodzi n’kamodzi.
Nkhungu inali itayamba kutsika m’phiri,
Saizi akusamba m’manja ndi palafini.

Ndinang’amba kapepala katsopano,
ndikufunafuna cholembera kukhutu.
“Bweretsani,” anatero, “ndilembe ndine.”
Anasuzumira makilomita kawiri,
nalemba atatsamira boneti,
seveni wawo wosadula pakati.
Anamata pambali pa kakale kaja, osati pamwamba,
n’kusisita ndi chala chachikulu mpaka katagwira.

Lamba wakale ndinamupachika pamsomali,
mawa akhala mahinjesi a khola la munthu.
Mano atatu aja sindinawaonenso.
Ndalama inaperewera faifi sauzande,
akuti penshoni ikatuluka.
Ndalemba pakhoma ndi choko,
tsiku, mwezi, dzina.